Chipangizo chatsopano pa chombo cha m'mlengalenga: amadziwa bwanji kuti sichiwagwiritsa mwala?

Funso: Chombo chikapita kutali, monga ku Mars, palibe amene angachitsatire kukachikonza. Nanga mainjiniya amalimba mtima bwanji kuikamo chipangizo chimene sichinagwirepo ntchito kumeneko?

Yankho: Mwafunsa bwino. Sachita zimenezi mwachimbulimbuli, amayamba aona kaye ngati chipangizocho chakhwima. Bungwe la ku America loona za m'mlengalenga la NASA limagwiritsa ntchito makwerero 9 oyezera kukhwima kwa chipangizo, otchedwa TRL. Pa 1 n'kuti idakali mfundo yapapepala, pa 4 chagwira ntchito mu labotale, pa 9 chauluka kale n'kugwira ntchito yake yeniyeni.

Pagona nkhani ndi pa 6. Apa amapanga chitsanzo chofanana ndi chenichenicho n'kuchizunza monga mmene ulendo udzachizunzire. Amachimangirira pathebulo logwedezeka ngati roketi ikunyamuka. Kenako amachitsekera m'chipinda chimene apopamo mpweya wonse, n'kumachitenthetsa ndi kuchiziziritsa mobwerezabwereza, chifukwa ndi pamene zomatira zimasweka, mafuta n'kuuma, mabawuti n'kukhwepa. Zamagetsi amaziwomba ndi cheza choopsa chonga cha kumwambako. Chipangizo chizifika pa 6 pulani ya chombo chonse isanavomerezedwe, apo ayi vuto lake limadzaimitsa aliyense.

Zinachitika ndi chombo cha InSight. Chipangizo chake choyezera zivomezi za ku Mars chinkafunika kukhala m'chotengera chopanda mpweya, koma pochiyesa pozizira kwambiri anapeza kuti mpweya ukulowa. Mpata wabwino wopita ku Mars umabwera pa miyezi 26 iliyonse, choncho ulendo wa 2016 unasunthira ku 2018, ndipo panalowa ndalama zina zoposa madola 150 miliyoni.

N'chifukwa chake mainjiniya amalimbikira kuti pakhale chipangizo chakale chodalirika chodikirira pambali, ndiponso tsiku lolembedwa loti chatsopanocho chikapanda kukhoza mayeso, chitsike. Popanda tsikulo anthu amangoti "tatsala pang'ono" mpaka nthawi kutha. Pamafunikanso kusiya mpata pa kulemera ndi pa magetsi, pakuti chinthu chatsopano chimanenepa akamachikonza.

Njira ina ndi kuchitenga ngati mlendo wongokwera nawo. Helikopita ya Ingenuity, yolemera makilogalamu 1.8, inapita ku Mars itamangiriridwa kumimba kwa galimoto yofufuzira yotchedwa Perseverance, koma ntchito ya Perseverance sinkadalira iyo. Ikanagwa tsiku loyamba, kafukufuku akanapitirira. Inauluka koyamba pa 19 Epulo 2021. Ankayembekezera maulendo osaposa 5, koma inauluka ka 72.

Funso: Ngati zatsopano zili ndi mavuto chonchi, bwanji osangogwiritsa ntchito zakale zimene zinaulukapo kale?

Yankho: Zakale n'zodalirika pamalo pamene zinayesedwa pokha. Mukazisamutsira pa chombo china, zasandukanso zatsopano, ndipo choopsa n'chakuti palibe amene amazikayikira.

Pa 4 Juni 1996, roketi yoyamba ya Ariane 5 inasweka patatha masekondi pafupifupi 40 itanyamuka, n'kuwononga masetilaiti anayi a Cluster. Pulogalamu ya kompyuta yoyezera kayendedwe inatengedwa ku roketi yakale ya Ariane 4, kumene inkagwira bwino ntchito. Koma Ariane 5 inkathamanga kwambiri chopingasa, ndipo nambala ina yokhudza liwirolo inakula mosakwananso m'malo ochepa osungiramo nambala (a mabiti 16) amene anaikonzera. Kompyuta inazima. Inalipo ina yothandiza ikalephera inzake, koma inali ndi pulogalamu yomweyo, moti inali itazima kale pa chifukwa chomwecho. Chowawa n'chakuti gawo la pulogalamu limene linalakwitsalo linalibenso ntchito roketi ikachoka pansi.

Choncho musanalandire chipangizo chifukwa choti chinaulukapo, lembani liwiro, kutentha, kugwedezeka ndi kutalika kwa ulendo umene chinapirira kale, muyerekeze ndi za ulendo watsopanowu. Pamene pasiyana, chitsitseni pa makwerero aja, chibwerere kokayesedwa ndi manambala a chombo chimene chikwere.