Mbuzi yathyoka mwendo popita kumsika, ndichite chiyani?

FUNSO: Ndimagula mbuzi m'midzi ya ku Thyolo n'kukagulitsa ku Luchenza. Sabata yatha ndinamanga ziwiri pakaliyala wa njinga. Pofika, imodzi inali itathyoka mwendo wakutsogolo, ikungolira. Anzanga anati ndingoikoka ndi chingwe mpaka kwa opha nyama. Kodi ndikanatani? — Wa bizinesi ya mbuzi, Luchenza

YANKHO: Achimwene, kuikoka ayi. Fupa lothyoka likamakhukhuzika pansi limaboola chikopa, nyama n'kudzaza magazi oundana, ndipo wogula akaona amagwetsa mtengo. Imasuleni miyendo, muinyamule m'manja, muigoneke pathumba pamthunzi ndi kuipatsa madzi m'beseni. Ngati yathyoka kunsi kwa bondo ndipo chikopa sichinabooke, mlangizi wa ziweto atha kuimanga ndi timitengo, n'kuchira patatha milungu ingapo. Koma fupa likatulukira kunja musaigonetse nayo. Iphedwe tsiku lomwelo, ndi mpeni wonola bwino, kutali ndi zinzake.

Mlandu weniweni uli panjingapo. Ine ndinakulira ku Chinakanaka, ndaziona mbuzi zomangidwa ndi mphira wa chubu, mutu uli lendee pafupi ndi masipoko, dzuwa likuswa mtengo. Mphirawo umatseka magazi m'miyendo. Khomani kabokosi kamatabwa, muyalemo udzu, ndipo muzipumitsa panjira.

Chiweto chodwala ndi nkhani ina. Mbuzi yotsokomola kapena yotsekula m'mimba isiyeni kukhola. Nkhumba ndiye makamaka: chigodola chilibe mankhwala, ndipo imodzi yokha ikalowa mumsika, ogula amakachifalitsa kumakola awo.