Kodi nyimbo za magemu n'zaluso?

FUNSO: Mnyamata wanga amaimba kiyibodi kutchalitchi, koma akuti akufuna kumapeka nyimbo za magemu a pakompyuta. Kodi si kuwononga mphatso kumeneko? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Ayi mayi, ntchitoyi imafuna luso ndithu. Makina akale a magemu a kampani ya Nintendo otchedwa NES ankatulutsa mawu a zoimbira asanu okha nthawi imodzi. Mu 1985 Koji Kondo anapeka nyimbo ya gemu ya Super Mario Bros. ndi mawu atatu oimba, achinayi akugwira ntchito ya ng'oma, koma anthu akuiimbabe.

Vuto lalikulu n'lakuti wopeka sadziwa nthawi imene wosewera akhale pamalo amodzi. Choncho nyimbo imabwerezabwereza, ndipo mathero ake ayenera kulumikizana ndi chiyambi popanda msoko womveka. Ongoyamba amadula mawu omaliza asanazilale, ndiye pamamveka "thi!" nyimbo ikamayambiranso. Mankhwala ake ndi kutenga mchira wa mawuwo n'kuuika pamwamba pa chiyambi. Komanso nyimbo amaijambula m'zigawo, ng'oma paokha, besi payokha, zonse pa liwiro ndi kiyi imodzi, kuti mdani akatulukira m'gemu ng'oma zingolowa bwinobwino. Zida zikachuluka zimaphimba mapazi ndi malankhulidwe a m'gemumo.

Za kutchalitchi sazitaya. "Baba Yetu" ya Christopher Tin, Pemphero la Ambuye m'Chiswahili, inapekedwera gemu ya Civilization IV mu 2005 ndipo inapata Grammy, mphoto yaikulu ya nyimbo ya ku America, mu 2011.

Muuzeni apeke ya masekondi 60, aibwereze kakhumi, amve ngati sikutopetsa khutu.