Mwana wanga woyamba anabadwa mtima ukugunda pang'onopang'ono. Kodi zibwereranso?

Mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, watilembera imelo. Mwana wake woyamba anabadwa mtima ukugunda ka 60 pa mphindi, ndipo papepala la kuchipatala panalembedwa m'Chipwitikizi kuti "bloqueio cardíaco congénito", kutanthauza kutsekeka kwa njira ya uthenga wamagetsi mumtima kumene mwana amabadwa nako. Pano ali ndi pakati pa masabata 7. Akufunsa kuti: "Kodi zibwereranso? Pali njira yodziwira mwana asanabadwe? Apongozi akuti ndi mdulo."

Mayi, mwachita bwino kulemba mimba ikadali yaing'ono, chifukwa chothandiza kwambiri pa vutoli chimayenera kuyamba masabata 10 asanakwane. Za mdulo chotsani nkhawa. Palibe mwambo umene inu kapena bambo a kunyumba munaphwanya kuti zimenezi zichitike.

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Ziwiri zam'mwamba zikafinya, uthenga wamagetsi umatsikira ku ziwiri zam'munsi kudzera pa kamfundo kotchedwa AV node. Kamfundoka kali ngati mlatho wa Samora Machel pa Zambezi, kungoti mzinda wa Tete uli ndi mlatho wina wa Kassuende, pamene mtima uli ndi umodzi wokhawo. Ukatsekeka, zipinda zam'munsi zimagunda pazokha, ka 50 mpaka 80 pa mphindi, m'malo mwa ka 110 mpaka 160 kamene timayembekezera kwa mwana wam'mimba.

Ana ena vutoli limabwera chifukwa mtima weniweniwo sunaumbike bwino. Koma ngati mtima wa mwana wanu unapezeka woumbika bwino, kawirikawiri gwero limakhala m'magazi a mayi. Amayi ena ali ndi asilikali a m'thupi otchedwa anti-Ro, dzina lina SSA, nthawi zina limodzi ndi anti-La. Asilikaliwa amadutsa pa nsengwa, n'kukatupitsa kamfundo kaja, ndipo pakapola pamatsala chipsera chosadutsa magetsi. Amapezeka kwa odwala lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo, kapena Sjögren, matenda oumitsa maso ndi m'kamwa, komabe amayi ambiri amene ali ndi asilikaliwa samva kalikonse m'thupi. Amadziwira pa mwana.

Mayi amene ali ndi anti-Ro koma sanaberekepo mwana wa vutoli, chiopsezo chake ndi pafupifupi 2 pa 100. Kwa amene ali ndi anti-Ro ndipo anaberekapo kale mwana wotere, monga inu ngati asilikaliwa atapezeka m'magazi anu, chimakwera kufika pafupifupi 18 pa 100. Muwerengenso mbali inayo: mimba zoposa 80 pa 100 zimatha bwinobwino.

Sabata ino pitani kusikelo ndi mapepala onse a mwana woyamba uja, mupemphe kalata yokutumizani kwa dokotala wa amayi oyembekezera, ku Hospital Provincial de Tete ngati kungafunike. Magazi a anti-Ro amayezedwa ku labotale yaikulu, ndiye zotsatira zingachedwe. N'chifukwa chake tikuti sabata ino. Akapezeka, dokotala angakuyambitseni hydroxychloroquine, mamiligalamu 400 pa tsiku, mpaka kubereka. Akayambidwa masabata 10 asanakwane, mankhwalawa amachepetsa kubwereranso kwa vutoli ndi theka kapena kuposerapo. Musakagule pamsika, ndipo musawasokoneze ndi Fansidar wa kusikelo, amene ntchito yake ndi kuteteza malungo.

Nthawi yoopsa ndi masabata 16 mpaka 26, makamaka 18 mpaka 24. Apa sikelo ya kamodzi pamwezi siyokwanira. Madokotala ambiri amajambula mtima wa mwana sabata iliyonse kapena pakapita masabata awiri, ndi sikani imene kuno timati ekografia. Si ija yongoona mmene mwana wagonera. Wojambula amayeza nthawi imene imadutsa kuchokera pamene chipinda cham'mwamba chafinya kufika pamene cham'munsi chayankha. Ikapitirira mamilisekondi 150 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), uthenga wayamba kuchedwa, ndiwo mlingo woyamba. Pa mlingo wachiwiri uthenga wina umadutsa, wina umatayika, ndiye kugunda kumamveka kodumphadumpha. Pa wachitatu njira yatsekeratu, ndipo palibe mankhwala amene amaitsegulanso.

Chovuta n'chakuti mtima ungachoke pabwinobwino n'kufika pa mlingo wachitatu tsiku limodzi lisanathe, moti sikani ya Lolemba singalonjeze za Lachinayi. Pofuna kutseka mpata umenewu, madokotala ena amaphunzitsa mayi kumvetsera yekha kunyumba ndi ka Doppler kam'manja, kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima wa mwana wam'mimba, kawiri kapena katatu pa tsiku. Ife tikuona kuti kwa munthu wa ku Angónia, amene ulendo wa ku Tete umamudyera maola angapo pa chapa (minibasi), njirayi ndi yanzeru, bola mugwirizane ndi dokotala pasadakhale za kumene mukathamangire. Mukamva kugunda kotsika pa 110 kapena kodumpha, nyamukani nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Mlingo wachiwiri ukagwidwa msanga, dokotala angayese dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa, chifukwa amadutsa pa nsengwa, pamene mnzake prednisolone sadutsa mokwanira. Koma dexamethasone angachepetse madzi ozungulira mwana, kumukwinimbitsa, ndi kukweza shuga wa mayi, ndiye si womwa "pofuna kungodziteteza".

Pomvetsera pali misampha iwiri. Woyamba ndi kuwerenga mtima wa mayi n'kumayesa wa mwana. Gwirani mtsempha wapamkono uku mukumvetsera. Zikamagunda pamodzi, mukudzimva nokha. Werengani mphindi yathunthu, osati masekondi 15 n'kuchulukitsa. Msampha wachiwiri ndi wa azamba: kumva 60 n'kuganiza kuti mwana akubanika, kenako n'kuthamangira opareshoni mimba isanakhwime. Mwana wa vutoli amene akukula bwino ndiponso sanatupe amapindula akakhalabe m'mimba mpaka pafupi ndi nthawi yake. Onetsetsani kuti mbiri ya mwana woyamba yalembedwa pakhadi lanu la sikelo, malo oonekera.

Njira ikakhala kuti yatsekeka kale, sikani imasintha ntchito. Tsopano amayang'ana ngati kugunda kwatsika pa 55, ngati mnofu wa mtima wafooka, komanso ngati madzi ayamba kudzadza pamimba, m'chifuwa ndi pansi pa khungu la mwana. Zimenezi ndizo zimaopseza moyo, ndipo zimasankha tsiku ndi malo oberekera.

Mwana akabadwa apimidwe ECG, kuyeza kayendedwe ka magetsi a mtima, ngakhale sikani zonse zinali zabwino. Angatuluke timawanga tofiira tozungulira kumaso ndi m'mutu; timatha tokha pofika miyezi 6 mpaka 8, asilikali a mayi akatha m'magazi ake. Kuyamwitsa pitirizani. Mwa ana amene njira inatsekeratu, pafupifupi awiri mwa atatu amadzafuna pacemaker, kabatire koyendetsa mtima, ntchito ya akatswiri a mtima monga a ku Instituto do Coração ku Maputo. Choncho woyamba uja asasiye kupimidwa, ngakhale akusewera ngati anzake.