Madzi a ku Hot Springs ngakumwa, bola mutunge pa mpopi

Achimwene, mwafunsa ngati madzi otentha a ku Hot Springs National Park ku Arkansas, ku America, ali bwino kumwa poti mukupita ndi ana. Imwani ndithu, tengani ndi zigubu zomwe, koma mukatunge pa mipopi imene a paki anaika mtauni muja, ndi yaulere, mukapeza anthu ali pa mzere ndi mabotolo awo.

Madziwo amatuluka pansi ali pa madigiri 62 Celsius, ndi mvula yomwe inagwa zaka zoposa 4,000 zapitazo nkulowa pansi penipeni komwe miyala ndi yotentha, ndiye akamabwera kumtunda amakhala oyera bwinobwino. Vuto limayambira pamwamba pano. Nchifukwa chake pa akasupe 47 a madzi otentha a m'pakiyi ambiri anawavindikira, mukaona timabokosi tobiriwira tokhoma mmbali mwa phiri kuseri kwa mzere wa nyumba zosambiramo wotchedwa Bathhouse Row, amenewo ndi akasupewo, madzi amayenda mmapaipi kupita ku thanki ndipo ogwira ntchito amatenga masampulo pafupipafupi kukayeza mabakiteriya. Amayang'aniranso kutentha kwake, izi ine zinandisangalatsa, chifukwa mvula ikagwa yambiri madzi ozizira a pamwamba amatha kusakanikirana ndi otenthawo, ndiye kasupe akangotsika kutentha amadziwa kuti pena pake palowa madzi achilendo.

Akasupe ochepa omwe anawasiya poyera aja ndi ongoonera basi, mumagwera masamba, mbalame zimafikapo, anthu amapisamo manja. Musatungemo. Ana muwagwire dzanja pamenepo, madigiri 62 amawotcha mwana pakanthawi kochepa kwambiri. Komanso si ngati ku Mawira ku Nkhotakota kuti mungovula malaya nkulowa ayi, kusamba panja nkoletsedwa, mukafuna kuviika thupi mulipire ku nyumba yosambiramo ya Buckstaff, yomwe ikugwirabe ntchito kuyambira 1912, kapena ku Quapaw, ndipo mufunsiretu zaka za ana zomwe amalola musanapite.

Zigubu zikhale zotsuka bwino komanso zolimba, mabotolo opepuka aja amapindika ndi kutentha. Mukafika kunyumba asiyeni azizire kenako mu fuliji, osawasiya ofunda mgalimoto masiku awiri, tizilombo timakonda madzi ofunda kuposa otentha. Ngati ana akana kudikira kuti azizire pitani ku kasupe wa Happy Hollow, kumeneko mpopi wake ndi wa madzi ozizira ndipo amawayeretsa ndi ozone, mpweya wopha tizilombo.