Funsani Adokotala: Kodi khansa ya chikhodzodzo ndi ya kumtundu?

Funso: Adokotala, bambo anga, amene alima ndi kusuta fodya kwa zaka zambiri, anawapeza ndi khansa ya chikhodzodzo atayamba kukodza magazi. Ndinawerenga pa intaneti kuti ku Kashmir, dera la kumpoto kwa India, odwala nthendayi anawapeza ndi jini yowonongeka yotchedwa TP53. Kodi ndiye kuti ife ana awo tinatengera? Ndine mwana wawo, ku Santhe, Kasungu.

Yankho: Pepani ndi matenda a bambo. Poyamba timvane kuti majini amene tikunena pano si mizimu ija ayi, koma malangizo a chibadwa amene ali m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi. TP53 ili pa kromozomu 17, kamodzi mwa timitolo tosunga majini m'selo, ndipo puloteni imene imapanga, p53, inadziwika mu 1979. Ntchito yake ndi ya ulonda: selo likawonongeka, imaliletsa kugawikana mpaka litakonzedwa, ndipo likakanika kukonzedwa imalilamula kuti life. Mlonda ameneyu akalumala, maselo owonongeka amachulukana popanda wowaletsa, chotupa n'kuyamba. Pafupifupi theka la khansa za chikhodzodzo zimene zalowerera mpaka mumnofu wake zimakhala ndi TP53 yosokonekera.

Ofufuza akamafunafuna TP53 yowonongeka, nthawi zambiri amayeza nyama ya zotupa zochotsedwa mwa odwala, ndipo apa ndi pamene pagona yankho lanu. Kuwonongeka kumene kumapezeka m'chotupa nthawi zambiri kumachitika munthu ali kale moyo, m'maselo a chikhodzodzo okha, ndipo sikufika m'mbewu imene amaberekera ana. Alipo mabanja amene amabadwa ndi TP53 yolumala, vuto lotchedwa Li-Fraumeni, koma ndi osowa kwambiri, ndipo khansa zawo zimayamba adakali aang'ono.

Chimene ndingade nacho nkhawa ine ndi zimene inu ndi bambo mumagawana pakhomo. Poizoni wa utsi wa fodya, kaya ndi ndudu ya m'sitolo kaya chingambwe chopichira papepala, amalowa m'magazi, impso n'kumusefera mumkodzo, ndipo mkodzowo umakhala maola ambiri ukukhudza khoma la chikhodzodzo. Kusuta kumayambitsa pafupifupi theka la khansa zamtunduwu. Chinanso, chimene kuno kwathu sitiyenera kuchipeputsa, ndi likodzo. Mwana wosambira m'dambo kapena m'mbali mwa Bua mmene muli nkhono akakodza magazi, ambiri timati n'zaubwana zidzatha zokha, pamene mazira a tizilomboto akhazikika m'khoma la chikhodzodzo n'kumalitukusira zaka ndi zaka mpaka khansa kuyamba.

Choncho ngati mumasuta, lekani. Pitani kuchipatala akayeze mkodzo wanu, ndipo likodzo likapezeka mudzalandira mankhwala otchedwa praziquantel. Mukadzaona magazi mumkodzo, ngakhale kamodzi kokha popanda ululu, musadikire kuti fodya atuluke kaye ku okushoni. Pemphani kuti akutumizeni ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene angaone m'kati mwa chikhodzodzo ndi kachipangizo kokhala ndi kamera.