Chotupa m'mimba mwa khanda: chifukwa chake adokotala anena kuti mudikire

Mayi, mwafunsa chifukwa chake adokotala sanamuchite opaleshoni kapena kumupatsa mankhwala mwana wanu wamkazi wa milungu itatu pamene sikani yaonetsa chotupa m'mimba mwake, ndipo mukuganiza kuti mwina akukunyalanyazani poti ndinu obwera kuno ku Joni. Nkhawa yanu ndi yomveka, koma dziwani kuti pali zotupa zina za makanda zimene zimaphwa zokha.

Mwa ana aakazi, chofala kwambiri ndi kathumba ka madzi kamene kamamera pa chiwalo chosunga mazira chifukwa cha mahomoni a mayi pa nthawi ya pakati. Mwana akabadwa mahomoniwo amachepa, ndipo kathumbako kamaphwa pang'onopang'ono m'miyezi ingapo. Pa sikani kamaoneka kakuda bii mkati, kakhoma kopyapyala, ndipo kakakhala kosapitirira masentimita 4, madokotala ambiri amangokayang'anira. Magazi owundana m'chiwalo cha adrenal, pamwamba pa impso, nawonso amatha okha. Ngakhale khansa ya neuroblastoma ikakhala yaing'ono mwa mwana wosakwana miyezi 6 nthawi zina imazimiririka, koma pamenepo amayezanso mkodzo ndi kutsatira mwanayo mosamalitsa.

Sikani ya ultrasound, ija amapaka mafuta ozizira pamimba, ilibe cheza choopsa, n'chifukwa chake amatha kuibwereza kangapo n'kuyerekeza muyeso watsopano ndi wakale. Sikani ina yotchedwa CT imagwiritsa ntchito cheza cha X-ray, pamene ina yotchedwa MRI nthawi zambiri imafuna kuti mwana agonekedwe ndi mankhwala, choncho sazithamangira popanda chifukwa.

Chimene ndikukudandaulirani ndi chakuti musaphonye tsiku la sikani yotsatira ngakhale abwana atavuta kuntchito, pakuti chotupa ngati cha Wilms, cha mu impso, sichiphwa chokha, ndipo kathumba ka madzi kaja kakhoza kupotokola chiwalo chimene kamerapo. Mwana akayamba kulira mosatonthozeka, kukana bere, kusanza zobiriwira kapena kutupa mimba, musadikire tsikulo; thamangirani kuchipatala, kaya ku Rahima Moosa kapena ku Baragwanath. Musamuteme mphini kapena kumumwetsa zitsamba. Ngati mukupita kumudzi, pemphani lipoti la sikani lolembedwa miyeso yonse, kuti madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe akakhale ndi poyambira.