Kiyibodi pa chitsitsimutso? Tengani, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati kiyibodi ndi magitala n'zoyenera pa chitsitsimutso chomwe mukukonza ku Luchenza. Ine ndikuti tengani. Tsiku la msika anthu saimira mlaliki, koma masipika akangogunda, anyamata a kabaza ndi amayi ochokera kothyola tiyi amasonkhana okha.

Komatu oimba amakonda kukokera mpaka dzuwa kupendeka, mlaliki n'kudzaimirira anthu atatopa kale ndi kuvina. Apatseni nyimbo zitatu basi, ndipo mawu ake muyambe mwawamva nokha, poti zina ndi phokoso chabe. Muikepo ina ya Chilomwe, agogo athu kuno ku Thyolo imawafika pamtima. Za m'buku la Nyimbo za Mulungu musazitaye, zimaimbika bwinobwino pa kiyibodi. Jenereta mubwerekeretu, magetsi angakuchititseni manyazi.